Kagalasi kosakulitsa kanthu kamene ndinatsala pang'ono kutaya

Mu Julaye 2018 alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg anabwera kudzaona makolo, ndipo m'katundu wawo munali telesikopu imene ndinali nditawatumizira ndalama zake miyezi ingapo m'mbuyomo. Ine si katswiri wa zakuthambo. Ntchito yanga ndi yowerengera ndalama pa kampani ina ku Ginnery Corner, ndipo chidwi cha nyenyezi ndinangochitenga kwa agogo, amene ankatilozera Nsangwe ndi Akamwiniatsatana tili ana kumudzi. M'katonimo ndinapezamo chubu chachitali pafupifupi mita imodzi, miyendo itatu yachitsulo, timagalasi tiwiri toyang'aniramo tolembedwa 25 mm ndi 10 mm, komanso kachida kena kapulasitiki kokhala ndi kagalasi kozungulira, kukula kwake ngati ndalama yachitsulo. Nditasuzumira m'kagalasiko ndinangoona mpanda wa nyumba yathu ya ku Chilomoni uli monga mmene ulili, osayandikira ngakhale pang'ono. Ndinapotokola kabatani kam'mbali mwake, kanalira pang'ono ngati kayatsa chinachake, koma sipanaoneke kanthu. Ndinagamula ndekha kuti kachidako kaonongeka m'basi, ndipo sindinadandaule, poti chinthu choonera kutali chimene sichikulitsa kanthu ndinkachiona ngati chokongoletsera chabe. Ndinakabwezera m'katoni pamodzi ndi mapepala okulungira.

Lachisanu pa 27 Julaye chaka chomwecho kunali kadamsana wa mwezi, ndipo zinali zitamveka kuti mwezi ukhala wonse mumthunzi wa dziko kwa ola limodzi ndi mphindi 43, nthawi yaitali kuposa kadamsana wina aliyense wa mwezi m'zaka 100 zino. Chifukwa chonyadira chinthu chatsopano, ndinali nditaitana aneba onse. Pofika 8 koloko usiku pabwalo pathu panali patadzaza: ana atakhala pamphasa, amayi atafunda zitenje ziwiriziwiri chifukwa cha mphepo ya Julaye, ndipo mayi a kunyumba akuzungulira ndi fulasiki ya tiyi. Mwezi udakali wowala ndinaupeza mwamwayi, chifukwa kuwala kwake kumalowa m'chubu usanaufike n'komwe ndipo munthu umangotsata kumene kukuyera. Anthu angapo anasuzumira n'kuomba m'manja. Cha m'ma 9:30 mwezi wonse unafiira ngati njerwa yootcha, ndipo pa nthawi yomweyo mwana wina anapunthwa pamwendo wa telesikopu, chubu n'kupotoloka.

Zimene zinatsatira ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Kwa mphindi zoposa 30 ndinakhala ndikukweza ndi kutsitsa chubu chija, diso lili pagalasi, ndikuona mdima wokhawokha. Ndinayesa kuyang'ana motsata msana wa chubu ngati mmene munthu amayang'anira thabwa pofuna kuona ngati lili loongoka, koma sizinathandize. Pambali pa mwezi panali Mars, wofiira ndi wowala kwambiri chifukwa masiku amenewo anali pafupi ndi dziko lathu, ndipo aliyense ankamuona ndi maso, koma ine ndi makina anga sindinamupeze. Mphwanga wina wamng'ono anandikoka malaya n'kunena kuti, "Amalume, mwezi si uwo apo?" akuloza ndi chala. Mayi wina wachikulire anafunsa mwachifundo kuti, "Aneba, kapena makinawa amafuna magetsi?" Anthu anabwerera pamphasa n'kumaonera kadamsana ndi maso awo, ndipo kunena zoona anaona bwino kuposa ine.

Chimene sindinkachidziwa usiku umenewo n'chakuti chida chikamakulitsa kwambiri chimaonetsanso kachigawo kochepa kwambiri ka thambo. Pa telesikopu yanga panalembedwa 900 mm, ndipo kuti mudziwe mmene ikukulitsira mumagawa nambala imeneyo ndi nambala ya pakagalasi koyang'aniramo. Ka 25 mm kamakulitsa ka 36, pamene ka 10 mm kamakulitsa ka 90. Ine, pofuna kugometsa alendo, ndinali nditaika ka 10 mm, kamene kamaonetsa malo okwana pafupifupi theka la digiri, ndipo theka la digiri ndi kukula kwa mwezi wokhawo. Kufufuza thambo lonse mwanjira imeneyi kuli ngati kufunafuna mbuzi pa phiri la Ndirande ukusuzumira m'bango. Pamwamba pa apo chithunzi cha m'telesikopu chimakhala chotembenuka, kotero ukakankhira kumene ukuganiza kuti n'koyenera umakhala ukuthawa chinthucho, ndiponso thambo silidikira munthu: dziko likamazungulira, nyenyezi zimasuntha madigiri 15 pa ola, kutanthauza kuti m'mphindi ziwiri zokha chinthu chasuntha mtunda wofanana ndi kukula kwa mwezi.

Pakati pa alendo aja panali bambo wina wachikulire amene anapuma pa ntchito yoyeza malo, ndipo usiku wonsewo sanalankhule kanthu. M'mawa mwake, Loweruka, anagogoda pageti. Titapatsana moni anafunsa kuti, "Mwana wanga, kolozera kake mwakasiya kuti? Palibe chubu chotere chimene chimabwera chopanda kolozera." Ndinawatulutsira kachida kaja ndikuwafotokozera kuti n'kakufa. Iwo anakatembenuza, n'kuona kapulasitiki koonekera mkati kakutuluka pansi pa batire ngati lilime, n'kukasolola ndi zikhadabo. Opanga amaika kapulasitiki kameneka dala kuti batire isathe chinthu chidakali m'sitolo. Atapotokola kabatani kaja anandipatsa n'kunena kuti ndikagwire patali ndi nkhope, maso onse awiri ali otsegula, ndiyang'ane nsanja ya netiweki ya mafoni imene imaonekera patali kuchokera pakhonde pathu. Pakati pa kagalasi panaoneka kadontho kofiira, ndipo chodabwitsa chinali chakuti kadonthoko sikankaoneka ngati kali pagalasi, koma ngati katera pansanja penipenipo. Anakakhazika pamwamba pa mpanda kuti kasagwedezeke, n'kundiuza kuti ndisunthe mutu kumanja ndi kumanzere. Mkombero wa kagalasi unkasuntha, koma kadontho kanangokakamira pamene kanali pansanja paja.

Ndinatenga masabata angapo kuti ndimvetse chimene chimachititsa zimenezi, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa munthu akamvetsa apa zina zonse zimabwera zokha. M'masitolo ndi pa intaneti kachida kameneka amakatcha red dot finder, ndipo banja lonse la zida zotere amalitcha reflector sight kapena reflex sight. Mkati mwake muli zinthu ziwiri zokha zofunika: kababu kakang'ono ka LED kamene kali kumbali ya munthu woyang'ana, kakuwalira kutsogolo, ndi kagalasi kopindika pang'ono ngati supuni, kopakidwa utoto wopyapyala kwambiri umene umabweza kuwala kofiira koma n'kumalola mitundu ina ya kuwala kudutsa. N'chifukwa chake mukayang'ana kagalasiko cham'mbali kamaoneka kofiirira kapena ngati golide, pamene mukayang'ana modutsamo zinthu zimaoneka zobiriwira pang'ono kapena zabuluu. Aliyense amene anaimapo pawindo chamadzulo babu ya m'nyumba ili yoyaka anaziona kale zimenezi: pagalasi limodzi lomwelo umaona bwalo la panja, n'kuonanso babu ya kumbuyo kwako ikulendewera pamwamba pa mtengo wa mango. Zithunzi ziwiri zakumana pagalasi limodzi.

Koma galasi la pawindo ndi lafulati, ndipo chithunzi cha babu chimaoneka chapafupi, kotero ukasuntha mutu chimasemphana ndi zinthu zakutali. Ubwino wa kagalasi kopindika wagona pamenepa. Taganizirani dishi ya kanema: mafunde ochokera kutali kwambiri amagunda mbale ija n'kusonkhana pamalo amodzi, pamene pamakhala kamutu kolandirira. Mukaika nyali pamalo omwewo zinthu zimayenda mobwerera, kuwala kumagunda mbale n'kutuluka m'mizere yoyenda limodzi, yosakumana ndiponso yosatalikirana, ngati zitsulo ziwiri za njanji ya ku Limbe. M'kachida kaja LED imakhala pamalo oterowo, ndipo kuwala kwake kukagunda kagalasi kumabwerera kudiso m'mizere yoyenda limodzi chotero. Tsono diso la munthu limalandira kuwala kwa mtundu umenewu kuchokera ku zinthu zakutali kwambiri zokha, monga nyenyezi, choncho limavomereza kuti kadontho kali kutali, ngakhale kababu kake kali pamtunda wosakwana chikhatho kuchokera pagalasi. Ana akakwera minibasi usiku amakonda kunena kuti mwezi ukuwatsata, pamene mitengo ndi nyumba zikutsalira m'mbuyo. Mwezi umaoneka choncho chifukwa uli kutali kwambiri moti kusuntha kwathu sikusintha mbali imene tikuuonera. Kadontho kofiira kali ngati mwezi umenewo. Sikasonyeza malo a pagalasi, kamasonyeza mbali imene kachidako kaloza, ndipo bola ngati mukukaona, kaya diso lili pakati kaya lili cham'mphepete, mbaliyo ndi yomweyo.

Anthu ambiri amene amabwera kwathu amaganiza kuti ndi laser, ndipo ena amathamangira kutsogolo kukafuna kadontho pakhoma. Sakapeza, chifukwa palibe cheza chimene chimaponyedwa pa chinthu chimene mukuloza. Kadonthoko amakaona ndi munthu yekhayo amene ali kumbuyo kwa kagalasi. Kusiyana kumeneku si kwamasewera kwa ife okhala mbali ino ya mzinda, kumene ndege zopita ku Chileka zimadutsa chapansi. Timatochi ta laser tobiriwira timene achinyamata ena amalozera nazo kumwamba tingathe kuthobwa m'maso woyendetsa ndege, pamene red dot finder mungailoze kumwamba usiku wonse osasokoneza aliyense.

Achikulire aja anandifunsa ngati ndinasakapo mbalame ndi legeni ndili mwana. Anati vuto la kulozera kwachikale ndi lakuti diso limapatsidwa ntchito zingapo nthawi imodzi: liyang'ane mphanda ya legeni imene ili pafupi, liyang'anenso mbalame imene ili kutali, koma diso silingathe kuona zonse ziwiri bwinobwino pakamodzi, china chimachita chimbuuzi. Pamfuti yokhala ndi tizitsulo tolozera zinthu zake zimakhala zitatu, kachitsulo kakumbuyo, kakutsogolo ndi chandamale, ndipo zonse ziyenera kukhala pamzere umodzi ndi diso. Kadontho kooneka ngati kali kutali kamathetsa vutoli, popeza diso limangoyang'ana kutali, kumene kuli chandamale ndi kadontho pamodzi. Amene anapeza nzeru imeneyi ndi Howard Grubb wa ku Dublin m'dziko la Ireland, amene analembetsa luso lakelo mu 1900, ndipo ndinasangalala kumva kuti ntchito yake yeniyeni inali yopanga matelesikopu akuluakulu, ina mwa iwo ili ku Cape Town. Mu 1918 zolozera zotere zinaikidwa pa ndege zina zankhondo za Germany, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse zinafala pa ndege ndi pa mizinga yoombera ndege, chifukwa munthu amene akugwedezeka m'ndege sangathe kusunga mutu pamalo amodzi. Galasi limene oyendetsa ndege amakono amaonerapo manambala akuyang'ana kutsogolo linachokera ku nzeru yomweyi. Kadontho ka LED kanabwera mu 1975 ndi kampani ya Aimpoint ya ku Sweden, ndipo lero asilikali, apolisi, alenje ndi ochita mipikisano yoombera chandamale m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito zolozera zamtunduwu. Kanga kapulasitiki ndi mdzukulu wosauka wa zimenezo, koma nzeru yake ndi imodzi.

Kuyatsa kadontho sikunathetse mavuto anga, chifukwa kolozera kamayenera kugwirizanitsidwa ndi chubu, ndipo apa ndinalakwitsanso. Achikulire atapita, ndinamangirira kachidako pachubu, n'kuloza telesikopu pa nthambi ya mtengo wa mapeyala wa aneba, mamita ngati 20 kuchokera pamene ndinaima, kenako n'kupotokola timabatani tiwiri, kena kosunthira kadontho m'mwamba ndi pansi, kena kumanja ndi kumanzere, mpaka kadontho katera pa nthambi yomweyo. Usiku ndinaika kadontho pa Jupiter ndi chidaliro chonse, koma nditasuzumira m'kagalasi ka 10 mm munalibe kanthu. Chifukwa chake n'chakuti kolozera kamakhala pamwamba pa chubu, masentimita ngati 10 kuchokera pakati pake. Mukagwirizanitsa ziwirizi pa chinthu chapafupi, mizere yake imakumana pa chinthucho n'kupitirira ikutalikirana. Masentimita 10 pamtunda wa mamita 20 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a digiri, ndipo zimenezo n'zokwanira kutulutsa Jupiter kunja kwa malo amene kagalasi ka 10 mm kamaonetsa. Mungadziyesere nokha potambasula mkono, kuimika chala chachikulu, n'kumatsinzina diso ili kenako linalo: chala chimalumphalumpha, pamene phiri la kumbuyo kwake silisuntha.

Njira imene inandithandiza, ndipo ndimaitsatabe, ndi iyi. Ndimatulutsa telesikopu madzulo kukadali kowala, n'kusankha chinthu chosasuntha chimene chili pamtunda wa kilomita imodzi kapena kupitirira, monga nsonga ya nsanja ija. Ndimaika kagalasi ka 25 mm, n'kufufuza mpaka nsongayo ifike pakati penipeni, ndipo ndikamanga chubu kuti chisasunthe ndimapita kukolozera kukapotokola timabatani tija, osakhudzanso chubu, mpaka kadontho kakhale pansonga yomweyo. Kenako ndimasintha n'kuika ka 10 mm kuti ndione ngati nsonga idakali pakati, n'kukonzanso pang'ono. Kukada ndimatsimikiza pa nyenyezi imodzi yowala, mwachangu chifukwa imasuntha. Ntchito yonseyi sipitirira mphindi zisanu munthu akazolowera, koma imafunika kuibwereza nthawi iliyonse imene kachidako kagundidwa kapena telesikopu yayenda pagalimoto m'misewu yathu yamabampu. Pochita zimenezi masana pali chinthu chimodzi chimene sindinyengerera nacho munthu: telesikopu isaloze kufupi ndi dzuwa ngakhale kwa kamphindi, chifukwa kuwala kwa dzuwa kosonkhanitsidwa ndi galasi kumaotcha diso nthawi yomweyo ndipo khungu lake silichira. Pachifukwa chomwechi sindiisiya panja masana popanda munthu wamkulu, popeza ana a m'mudzi mwathu sachedwa kuizungulira.

Zina ndinaziphunzira pang'onopang'ono. Kadontho kakhale kozimirira, kongokwanira kuoneka, chifukwa kakawala kwambiri kamaphimba nyenyezi imene mukuifuna ndiponso kamaononga kuzolowera mdima kumene maso amakupeza pakapita mphindi 20 kapena 30. Diso lisakanikizidwe pakagalasi. Ine ndimaima kumbuyo mtunda wa zikhatho ziwiri kapena zitatu, ndimayang'ana nyenyeziyo ndi maso onse awiri, kenako n'kukankha chubu mpaka kadontho kaipeze. M'miyezi ya Juni ndi Julaye mame amagwira kagalasi msanga, ndipo kukapukuta ndi malaya kumakanda utoto uja, choncho ndinakapangira kadenga ka katoni komangirira ndi mphira. Batire yake ndi CR2032, yozungulira ngati ndalama, yomwe ija imakhala m'makiyi ena a galimoto ndi m'kompyuta, ndipo okonza mawotchi m'makonde a masitolo ku Limbe ndi m'tauni amakhala nayo. Mabatire atatu oyamba anatha osati chifukwa chogwiritsa ntchito koma chifukwa choiwala kuzimitsa ndikulowa m'nyumba ndi tulo.

Nkhani ya maso anga ndiyenera kuifotokoza payokha, chifukwa ingathandize wina kusataya ndalama. Kuyambira tsiku loyamba kadontho sikankaoneka kozungulira kwa ine, kankaoneka kokhala ndi mchira wopendekeka, ngati nyemba imene yayamba kumera. Ndinkaganiza kuti ndi vuto la chida chotchipa, mpaka ndinayamba kufunsa mitengo ya china. Tsiku lina mayi a kunyumba anasuzumira n'kunena kuti, "Bambo, mchira mukunenawo uli pati? Ine ndikuona kadontho kabwinobwino." Ndinajambula kadonthoko ndi foni, ndipo pachithunzi kanali kozungulira. Ndinamasula kachidako n'kukazunguza m'manja ndikuyang'anamo, koma mchira sunazungulire nawo, unangolozabe mbali yomweyo. Vuto likanakhala m'chida, mchira ukanazungulira pamodzi ndi chidacho. Nditapita kukayezetsa maso anandipeza ndi vuto lotchedwa astigmatism, limene limabwera pamene kutsogolo kwa diso sikunapindike mofanana mbali zonse, ndipo nditavala magalasi mchira uja unatsala wochepa kwambiri. Magalasi omwewo anandichepetseranso mutu umene unkandiwawa madzulo ndikachoka pa manambala a kuntchito.

Sindikufuna kukatamanda kachidaka mopitirira muyeso. Popeza sikakulitsa ndiponso sikasonkhanitsa kuwala, kamangolozera chimene diso likuona kale, ndipo utoto uja umachepetsako kuwala kwa nyenyezi zofooka. Mu Blantyre, kumene magetsi a m'misewu ndi a m'mipanda amayeretsa thambo, komanso utsi wa moto wa m'tchire umachuluka kuyambira Ogasiti, nyenyezi zofooka zimasoweka, ndipo usiku umene ndimaona Mlalang'amba bwino ndi umene magetsi azima dera lonse. Pa mwezi, pa Nthanda, pa Jupiter, Saturn ndi Mars, kadontho n'kokwanira. Pa zinthu zosaoneka ndi maso munthu amayambira pa nyenyezi yowala n'kuyerekeza mtunda. Mwachitsanzo, kagulu ka nyenyezi zamitundumitundu kotchedwa Jewel Box kali pafupifupi digiri imodzi kuchokera ku Mimosa, imodzi mwa nyenyezi zowala za Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda kumwera kwa thambo, kotero ndimaika kadontho pa Mimosa n'kusuntha mtunda wofanana ndi kukula kwa mwezi kawiri. Pa ntchito ngati imeneyi pali chida chabwino koposa chotchedwa Telrad, chimene anachipanga Steve Kufeld wa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. M'malo mwa kadontho chimaonetsa mikombero itatu yofiira, wa theka la digiri, wa madigiri 2 ndi wa madigiri 4, motero munthu amakhala ngati ali ndi rula pathambo. Oyendetsa nyali zikuluzikulu zotsata munthu pasiteji m'maholo a zisudzo amachigwiritsanso ntchito, kuti nyali ikayaka ipezeke ili kale pa munthu woyenera.

Patapita nthawi ndinayamba kuzindikira nzeru yomweyi m'malo ena. Achikulire aja anandiuza kuti pamwamba pa theodolite, chida chimene oyeza malo amasuzumiramo, ndi pa makina oyezera malo amakono pamakhala kachubu kakang'ono kokhala ndi kachizindikiro koyera mkati, kamene woyeza amayamba kalozera nako asanaike diso pagalasi lokulitsa. Kachubu kameneko sikaonekera mbali inayo ayi: munthu amaona chizindikiro mkati, n'kuonanso mtunda kunja kwake, ndipo ubongo umaphatikiza ziwirizo. Ndinayesa kutseka kutsogolo kwa kolozera kanga ndi kapepala, maso onse ali otsegula, ndipo kadontho kanaonekabe katera pansanja, diso limodzi likupereka kadontho, linalo likupereka nsanja. Mnzanga wina amene amajambula mbalame ku Michiru anali ndi vuto ngati langa la usiku wa kadamsana, loti mbalame ikauluka ankaitaya m'kamera yake yokoka kutali, ndipo atamangirira kadontho pamwamba pa kamera anayamba kutsata mbalame ndi maso onse awiri, kamera n'kumatsatira. Opanga makamera anaiona kale nkhaniyi: mu 2014 Olympus inatulutsa kamera ya SP-100EE yokhala ndi kolozera kotere mkati mwake, ndipo mu 2018 Nikon inatulutsa kolozera kotchedwa DF-M1 koika pamwamba pa kamera. Palinso mtundu wina wotchedwa holographic, umene unayamba kugulitsidwa mu 1996 kuchokera ku kampani ya EOTech ya ku America, ndipo mmenemo laser ya mkati imawalitsa chithunzi chosungidwa m'galasi. Umadula kwambiri komanso umadya batire msanga kuposa wa LED, ndipo pa ntchito ya nyenyezi kapena ya mbalame sindiona chifukwa choulipirira.

Amene akufuna kugula adzaona pakatoni ya zolozera zina nambala yotsatana ndi zilembo za MOA, monga 2 MOA kapena 6 MOA. Kumeneko ndi kukula kwa kadontho. MOA imodzi ndi gawo limodzi mwa magawo 60 a digiri, limene pamtunda wa mamita 100 limaphimba masentimita pafupifupi 3, ndipo mwezi wathunthu ndi pafupifupi 30 MOA. Kadontho kakang'ono kamalozera mosamala, kakakulu kamaoneka msanga masana. Chofunika kwambiri kwa woonera nyenyezi si kukula kwake koma ngati kuwala kwake kumatheka kuchepetsedwa mpaka pansi penipeni, chifukwa zambiri zopangidwira masana zimawala mopambanitsa usiku. Ndi bwinonso kugwedeza kachidako pang'ono ndi chala kadakali m'sitolo, chifukwa kamene kamasewera pamwendo wake sikasunga mgwirizano ndi chubu.

Pa 21 Disembala 2020 Jupiter ndi Saturn anayandikana pathambo mpaka kutsala gawo limodzi mwa magawo 10 a digiri, pafupifupi 6 MOA, kuyandikana kumene kunali kusanachitike kuyambira mu 1623. Inali nyengo ya mvula ndipo sindinaitane munthu aliyense. Masana ndinali nditagwirizanitsa kolozera pansanja ija, n'kuika batire yatsopano. Dzuwa litalowa mitambo ya kumadzulo inang'ambika kwa kanthawi, ndipo awiriwo anaoneka chapansi ngati nyenyezi imodzi yokhala ndi kachotupa. Mphwanga uja amene anandikoka malaya usiku wa kadamsana, tsopano ali mu Sitandade 6, anali kwathu, ndipo ndinamusiyira kuti aloze yekha. Anaima kumbuyo kwa kagalasi, maso onse ali otsegula monga ndinamuphunzitsira, n'kukankha chubu ndi dzanja limodzi. Kenako anati, "Amalume, kadontho kaphimba zonse ziwiri." Ndinamuuza kuti achepetse kuwala kwake, asiye chubu, asuzumire m'kagalasi ka 10 mm. Munali Jupiter ndi timiyezi take tili pamzere, ndipo chapambali pake, m'galasi lomwelo, munali Saturn ndi mkombero wake. Anakuwira mayi a kunyumba kuti asiye mphika abwere msanga, ndipo tinasinthana katatu aliyense mitambo isanatsekenso.